Funsani Malume: Zovala zokwerera phiri kwa ife a ndalama zochepa

Makalata ambiri a mwezi uno akunena za mapiri. Magulu a achinyamata, a kuntchito ndi a kusukulu ayamba kukonda kukwera, ndipo nkhawa ya ambiri ndi zovala. Ndasankha makalata asanu. Yoyambayo ndaiyankha motalika chifukwa yanyamula zambiri zimene enanso afunsa.

FUNSO: Malume, ndine mnyamata wa zaka 23, ndimakhala ku Ndirande. Gulu lathu la achinyamata a kumpingo likukonza ulendo wokakwera phiri la Mulanje mwezi wa Julayi. Tikayambira pa Likhubula, tikagona ku Chambe, kenako ku Chisepo, ndipo amene akamve mphamvu akafika pa Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirilo. Vuto ndi zovala. Zimene ndikuona pa Facebook anthu atavala m'mapiri, mtengo wake ukuposa malipiro anga a pamwezi. Ndili ndi jinzi ziwiri, matisheti angapo, ndi chijekete chachikulu cholemera chimene ndimavala pochezera pamaliro. Zimenezi sizingakwane? Wofuna kukwera, Ndirande.

YANKHO: Mphwanga, ulendowo usauleke chifukwa cha zithunzi za pa Facebook. Zofunika zonse ukhoza kuzipeza pa kaunjika, ndipo zina uli nazo kale m'nyumba. Koma jinzi ziwirizo ndi chijekete cha pamalirocho zitsale ku Ndirande komweko.

Yamba wadziwa kumene ukupita. Kuchoka pa Likhubula kukafika ku Chambe kudzera njira ya Skyline ndi chitunda cha maola atatu kapena anayi, ndipo umakwera mamita pafupifupi 1,000. Ngakhale mu Julayi, theka la ola silitha thukuta lisanayambe kuyenderera kumsana pamene pagona chikwama. Ukatulukira pamwamba mitengo yachepa, kwatsala udzu ndi miyala, mphepo ikungodutsa popanda choitchinga. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, ndiye pa Sapitwa, pamene pali pa mamita 3,002, pamazizira kuposa pa Likhubula ndi madigiri 12 kapena kuposerapo, mphepoyo tisanaiwerengere. Usiku wa Juni ndi Julayi chisanu chimagwa kumtundako mpaka udzu kuyera m'mawa. Onjezapo chiperoni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo yochokera kunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique imabwera ndi nkhungu ndi mvumbi, ndipo phiri la Mulanje ndi limene limayamba kuilandira. Kumacha kuli ngwee, pofika masana mnzako ali chapafupi pomwepa koma sukumuona.

Munthu amapwetekeka m'phiri zinthu ziwiri zikakumana pathupi pake: kunyowa ndi mphepo. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo oposa 20. Nsalu ya thonje, imene ndi ya jinzi zako ndi matisheti ambiri, imamwa madzi n'kuwasunga. Kuno kumunsi timaikondera chomwecho, imatiziziritsa dzuwa likamaswa mtengo. Kumtunda, ukangokhala pamwala kuti upume, tisheti yonyowa thukuta ija imamatirira kumsana, mphepo n'kuombapo, posakhalitsa mano ayamba kugundana. Jinzi ndiye yoipitsitsa. Ikanyowa imalemera, imakaniza bondo kukwera, imakhula pakati pa ntchafu, ndipo ukhoza kuiyanika pafupi ndi moto usiku wonse, m'mawa n'kupeza m'chiuno ndi m'matumba mudakali chinyontho. Izi sindikunena pofuna kukuopseza chabe. Mu Julayi 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womuperekeza panjira n'kupitirira yekha ku Sapitwa atavala zopepuka. Nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa awiri. Chinamupha ndi kuzizira.

Tsono uvale chiyani? Pakhungu penipeni pafike jezi ya mpira. Ya Bullets, ya Wanderers, ya Flames, kapena ya timu ina ya ku Ulaya imene dzina lake sunalimvepo, zonse ndi chimodzimodzi malinga ikhale ya poliyesita. Nsalu imeneyi siisunga madzi, thukuta limadutsa n'kuuma ukuyenda, ndipo ukaipinda imakwana m'dzanja. Malaya okwerera phiri amene amagulitsidwa mitengo yoopsa ija, ambiri mwa iwo nsalu yake ndi yomweyi. Ukapeza ya manja aatali itenge, imateteza ku dzuwa ndi ku udzu wocheka. Upeze ziwiri. Choipa chake n'chakuti poliyesita imanunkha msanga, koma m'phirimo nonse mudzakhala chimodzimodzi, ukadzatsika sopo adzakonza.

Pamwamba pa jeziyo pabwere chofunditsa. Funafuna juzi ija yofewa, yaubweyaubweya, imene amaitcha fleece. Pa kaunjika imakhalapo yambiri, ndipo achinyamata amaidumpha chifukwa siitchena. Imafunditsa ngakhale itanyowa pang'ono, ukaifinya n'kuikutumula yatsala pang'ono kuuma, ndipo kulemera kwake n'kochepa. Juzi ya ubweya wa nkhosa nayonso ndi yabwino kwambiri, kungoti imalemererapo ndipo imachedwa kuuma. Ndikanakonda utenge majuzi awiri opyapyala kusiyana ndi chimodzi chokhuthala, ndipo apa ndi pamene chijekete chako chikugwera. Chijeketecho ukachivala pachitunda watenthedwa, ukachivula wazizidwa, palibe pakati. Majuzi awiri umavula imodzi, umavalanso, malinga ndi mmene thupi likumvera. Majekete ofufuma aja okhala ndi nthenga m'kati amafunda zedi ukakhala m'nyumba, koma mvumbi ukawalowa nthengazo zimaumbika n'kusiya kufunditsa.

Chachitatu ndi chotchinga mphepo ndi mvula, ndipo ngati pali pamene ndalama yako ipite yambiri ndi pamenepa komanso pa nsapato. Pa mulu wa majekete opyapyala a nayiloni usafulumire. Ambiri amatchinga mphepo yokha, madzi amalowa. Itembenuze jeketeyo uone kunsi kwake. Yotchinga mvula yeniyeni imakhala ndi katepi komatidwa pamwamba pa msoko uliwonse, chifukwa madzi amalowera m'mabowo a singano. Ukaona m'kati mukusupuka tizidutswa toyera, makamaka pakhosi ndi m'mapewa, isiye, masiku ake anatha. Ika nsaluyo pakamwa upemerere: mpweya ukadutsa mosavuta, mphepo ya pa Sapitwa idzadutsanso. Ikhale ndi chipewa chake chokhala ndi chingwe chokoka, ndipo ikhale yaikulu moti uivale pamwamba pa majuzi awiri aja n'kukwezabe manja. Kunyumba uivale, mnzako akuthire madzi a m'ndowa pang'onopang'ono m'mapewa, udziwiretu pamene ikudontha. Pa jekete yokhayi ndikulimbikitsa mtundu wowala, wofiira, wachikasu kapena walalanje, kuti anzako azikuona m'nkhungu.

Ikasowa yotere, lenikoti wamba imene amavala a kabaza imagwira ntchito. Madzi salowa, koma thukutanso silituluka, ndiye pokwera uzitsegula kutsogolo ndi kuchepetsa liwiro. Ambulera ikhale kunyumba. Njira ya ku Sapitwa imafuna manja onse awiri.

Kumiyendo vala buluku la tirakisuti la poliyesita, lopyapyala lija osati lokhuthala la thonje. Ngakhale thalauza lakale la suti limene unasiya kuvala kutchalitchi, ngati lili la poliyesita ndipo silikuthina, likuposa jinzi kutalitali. Usatenge limene umalikonda. Kuchoka ku Chisepo kupita pansonga mudzakwawa pamiyala, mudzadzipanikiza m'mipata, ndipo potsika malo ena mudzachita kukhala pansi n'kumadzikhwekhwereza. Mwala wa kumeneko umadya nsalu ngati tupa. Ukakhala ndi kandalama kotsala, telala akuikiretu chigamba cholimba kumbuyo.

Tinthu tating'ono timene ambiri amaiwala: chipewa choluka chophimba makutu, kapusi ya dzuwa, ndi zovala m'manja. Magolovesi akasowa, masokosi ouma amalowa m'manja bwinobwino pokhala panja madzulo.

Pa kagulidwe, pita m'mawa tsiku limene akutsegula belo, kaya mumsika wa Limbe, kaya ku Ndirande konko, kaya m'masitolo a DAPP. Dzina lolembedwa pachifuwa usalilabadire. Pisa dzanja m'kati, chakumunsi m'mbali mwa msoko, upeze kansalu kolembedwa zimene anapangira chovalacho. Ukaona polyester, nylon, acrylic kapena wool, ika pambali. Ukaona cotton, bweza pamulu. Zosakaniza, tenga zimene thonje lake ndi lochepera theka. Yesa zipi kangapo, ndipo buluku ulivale pamwamba pa lako n'kunjuta, ukwezenso bondo mpaka pachifuwa. Mitengo sindikuuza, chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa lero mawa ndi wina. Chimene sichisintha n'chakuti majuzi amakwera kukayamba kuzizira, ndiye usadikire Julayi. Amene mukukonza ulendo wa chaka chamawa, majuzi ndi majekete gulani mu Okutobala, pamene wogulitsa akungofuna kuti zimuchoke. Zonse uzichape usanazivale.

Tsopano mvetsera bwino, chifukwa ichi ndi chimene ndimauza aliyense amene ndikukwera naye. Zovala zako uzigawe pawiri: zoyendera ndi zogonera. Zogonerazo, jezi imodzi, juzi ina yapadera, buluku limodzi ndi masokosi, uzikulunge m'jumbo yolimba, umange, uike m'jumbo ina, n'kuziika pansi penipeni pa chikwama. Zimenezi sizivalidwa panjira, zivute zitani. Ukafika ku Chambe, vula zonyowa nthawi yomweyo thupi likadali lotentha, vala zouma. Chovuta chimabwera m'mawa. Kunja nkhungu ili tolo, wafunda bwino, ndipo jezi ya dzulo ili pachingwe, yozizira, yachinyontho. Mtima umati ndingonyamuka ndi zoumazi. Ayi mphwanga, luma mano, vula zouma uzibwezere m'jumbo, vala za dzulo. Zimabaya mphindi zochepa zoyamba, ukayamba chitunda thupi limazitenthetsa. Amene anyamuka ndi zogonera amafika ku Chisepo madzulo alibe chouma n'chimodzi chomwe, ndipo usiku wa ku Chisepo ndi wozizira kuposa wa ku Chambe.

M'nyumba za m'phirimo mumakhala mlonda ndi malo osonkhapo moto. Poliyesita ndi nayiloni sizigwirizana ndi moto, zimasungunuka. Ndinaona masokosi a mnyamata wina atayanikidwa pamwala wa pamoto akukwinyika mpaka kuuma gwa, mwini wake akumwa tiyi chapafupi. Yanika patali, pamene dzanja lako lingapirire kutentha nthawi yaitali.

Poti mukupita gulu, muziyang'anirana. Mnzanu akayamba kunjenjemera kosalekeza, kupunthwa pamalo abwinobwino, kulankhula modzandira kapena kungoti zii wosayankha, kutentha kwa thupi lake kwatsika. Mubiseni ku mphepo, mumuvule zonyowa, mumuveke zouma, mumupatse tiyi wotentha wa shuga ngati akutha kumwa yekha. Mowa ayi, umangonamiza kuti watenthedwa uku thupi likuzizirabe. Ndipo womuperekeza wa pa Likhubula akati lero pa Sapitwa sipakwereka, mawu ake akhale omaliza, ngakhale mutavala bwino chotani.

FUNSO: Malume, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Amayi a kuntchito kwathu tikufuna kukakwera phiri la Nkhoma, ndipo zikatiyendera tidzayesenso la Dedza. Ine buluku sindinazolowere kuvala pagulu, komanso njirayo akuti imadutsa m'midzi. Kodi m'chitenje munthu angakwere? Chinanso, ndine wathupi, ndikayenda mtunda wautali ntchafu zimakhulana mpaka zilonda. Mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndikuimvetsa. Lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku linachoka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma m'mitima ya ambiri ndi m'midzi yambiri chizolowezicho chidakalipo, ndipo kulemekeza eni mudzi amene mukudutsa pakhomo pawo n'kwabwino. M'chitenje anthu amakwera. Amayi a m'mphepete mwa phiri la Mulanje amatsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu atavala zitenje, koma iwo mayendedwe amenewo anawayamba ali atsikana. Kwa inu chitenje chokha chidzakumangani miyendo pamene mukufunika kutambasula, ndipo chakumapeto kwa phiri la Nkhoma ndi potsetsereka pofuna kugwira ndi manja.

Chitani chonchi. M'kati valani taiti yaitali yofika m'akakolo, kapena buluku la tirakisuti, chitenje pamwamba. M'midzi mudutsa mwaulemu wanu wonse. Mukafika pamiyala, pindani chitenjecho chilekeze m'mawondo kapena chivuleni muchimange m'chiuno. Pogula taiti, ikokeni ndi manja awiri poyera dzuwa: mukaona zala zanu kuseri, ndiye kuti mukawerama idzaonetsa m'kati, isiyeni. Jezi ya pamwamba ikhale yaitali yophimba kumbuyo.

Taiti yomweyo ndi mankhwala a ntchafu, chifukwa nsalu ndi imene imakhulana m'malo mwa khungu. Musananyamuke dzolani Vaseline pakati pa ntchafu, pansi pa mabere ndi paliponse pamene pamakhulika, ndipo kabotolo kake kakhale m'chikwama. Kudzola chilonda chitayamba kale n'kuchedwa. Zam'kati zikhale za nayiloni, zopanda misoko yokhuthala. Bra ikhale yopanda waya, ya zingwe zazikulu, ngati ija ya masewera, chifukwa zingwe za chikwama zimadutsa pamapewa pomwepo ndipo tizitsulo tating'ono timalowa m'thupi.

Chitenjecho musachisiye ngakhale mutazolowera buluku. Ine ndemwe ndimanyamula chimodzi. Ndi mpango wa pakhosi, thaulo, mthunzi, chokhalira, chotchingira posintha zovala, ndipo wina akabinya mwendo ndi chomangira. Kungoti ndi cha thonje, ndiye musachiwerengere ngati chofunda mvula ikagwa. Ku Dedza, kumene nsonga yake ili pa mamita pafupifupi 2,200 ndipo tauni yakeyo ndi yozizira kale, juzi ndi jekete yotchinga mphepo zikhale m'chikwama ngakhale mutachoka ku Lilongwe kukutentha.

FUNSO: Malume, ndinaonerera mpikisano wa Porters Race ku Mulanje, ena akuthamanga m'phiri opanda nsapato, ena atavala tinsapato ta pulasitiki. Ndiye nkhani yoti pamafunika majombo okwera mtengo si yongotidyera ndalama? Ine ndili ndi masefite buti a kuntchito. Wokayika, Luchenza.

YANKHO: Achimwene, zimene munaonazo ndi zoona, koma mapazi amenewo anakhwimira m'phiri momwemo. Phazi limene limakhala m'nsapato sabata yonse silingafike ku Chambe lili losavala n'kubwerako lili bwino. Komabe pa majombo ndikugwirizana nanu. Kukwera Mulanje, Zomba kapena Michiru sikulira majombo a mtengo wapatali. Nsapato zothamangira za pa kaunjika zimakwana, malinga musankhe bwino.

Itembenuzeni muone pansi. Mapanga ake akhale akuya ndipo labala ikhale yofewerapo, yoti chikhadabo chikulowa pang'ono. Yosalala kapena youma gwa imatereka pamwala wonyowa. Ipindeni: ipindike pamene pamapindikira zala, osati pakati. Ipotozeni: ikangopotoka yonse mosavuta, miyala yosongoka mudzaimva kuphazi tsiku lonse. Ndiye pali chinthu chimene chimagwetsa ambiri mphwayi. Nsapato za kaunjika zina zinakhala zaka zosavalidwa, zimaoneka zatsopano koma guluu wake anafa. Zimayenda bwino m'tauni, pachitunda choyamba soli n'kuyasama. Musananyamuke pitani nazo kwa wosoka nsapato azisoke kuzungulira konse. Ndi ndalama yochepa, koma ikhoza kupulumutsa ulendo wonse.

Kayezeni madzulo pamene mapazi afufuma, mutavala masokosi amene mudzakwere nawo. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu cha kudzanja. Pokwera simudzaona kufunika kwake. Potsika, phazi limathamangira kutsogolo pa sitepe iliyonse, ndipo nsapato yothina imadetsa zikhadabo mpaka kuzizula. Wengani zikhadabo kutatsala masiku angapo, mangani zingwe molimba pamwamba pa phazi musanayambe kutsika, ndipo nsapatozo muziyendere masabata angapo ulendo usanafike.

Masefite buti anuwo ayi. Ndi olemera, chitsulo cha kutsogolo chimaluma zala potsika ndipo chimazizira. Magambutsi amasunga thukuta n'kusupula zidendene. Nsapato za mpira zija za misomali pansi, pamwala sizigwira n'komwe.

Masokosi musawapeputse. A mpira aatali aja ndi abwino chifukwa si a thonje ndipo amaphimba miyendo ku udzu. Ena amavala opyapyala m'kati, okhuthala pamwamba, kuti masokosi azikhulana okhaokha. Mukangomva malo akutentha kuchidendene, imani pomwepo, pukutani, matanipo pulasitala thuza lisanatuluke. Anzanu adikire, ndi mphindi ziwiri zokha. Nyamulaninso patapata wovala pofika pogona kuti mapazi apume ndi kuuma.

FUNSO: Malume, ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 kuno ku Zomba. Mu Okutobala tikufuna kupita ndi ana kuphiri, akaone damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi pa Emperor's View, kupita m'mawa kubwera madzulo. Makolo ambiri ndi ovutika. Ndiwauze kuti agule chiyani? Mphunzitsi, Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, musawauze kuti agule kanthu. Mukatero ana ena adzatsala chifukwa cha manyazi, ndipo amene adzatsale ndi omwe sanakwerepo ngakhale akulionera phirilo pakhomo tsiku lililonse. Ulendo wa tsiku limodzi mu Okutobala ndi wosiyana ndi wa mnyamata wa ku Ndirande uja. Mdani wanu ndi dzuwa, ndipo pamenepa thonje lilibe mlandu: malaya opepuka oyera kapena owala, a manja aatali ngati alipo, ndi abwino. Amene ali ndi zovala za masewera avale zimenezo. Atsikana avale taiti kapena kabudula m'kati mwa diresi. Chipewa chilichonse, ngakhale cha mlaza, ndi botolo la madzi, aliyense. Nsapato zikhale zimene mwana anazizolowera. Chenjezani makolo kuti asamugulire zatsopano dzulo lake, ndipo amene alibe nsapato zotseka asabwezedwe, mungoyenda naye modekha.

Komabe mwana aliyense aike juzi m'chikwama kapena aimange m'chiuno. Phiri la Zomba limapitirira mamita 2,000 pamalo ake okwera, ndipo Okutobala ndi mwezi wa chizimalupsa. Mwana wonyowa pamphepo amazizidwa msanga kuposa wamkulu chifukwa thupi lake ndi laling'ono. Inu aphunzitsi munyamule majuzi angapo apadera ndi zitenje m'jumbo, pakuti pamathithi sipalephera wina woterereka n'kugwera m'madzi.

Nthawi imeneyi chitedze chimakhala chitakhwima m'tchire la m'munsi. Aonetseni anawo mmene chimaonekera musanayambe, ndipo asapatuke m'njira. Akafika kunyumba adziyang'ane nkhupakupa kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'khwapa.

FUNSO: Malume, ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Mng'ono wanga amanyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje. Ndikubwera kumudzi pa Khirisimasi ndipo ndikufuna kumugulira chovala chomuthandiza pantchito yake, koma ndalama zanga zikwana chinthu chimodzi kapena ziwiri. Mkulu wake, Johannesburg.

YANKHO: Achimwene, kalata yanu yandikhudza. Anyamata amenewa amatisenzera katundu, amatiphikira, amatidikira tikatopa, koma kawirikawiri ndi amene amavala zosakwanira kuposa tonse m'gulumo. Timafika pogona ife titafunda, iwo ali ndi tisheti yonyowa yomwe ija. Amene mukukwera ndi onyamula katundu, muziona zimene avala musananyamuke, ndipo juzi yapadera musaiumire.

Mugulireni jekete yotchinga mvula yeniyeni, ya misoko yomata, yokhala ndi chipewa. Majezi, majuzi ndi mabuluku adzapeza yekha pa kaunjika wa pa Chitakale, koma jekete yabwino yosadontha ndi imene imavuta kupeza kuno, ndipo mukufika nayo mvula ili pakati. Kumeneko nyengo yozizira imatha mu Ogasiti, ndiye yang'anani m'masitolo kuyambira Seputembala pamene akutsitsa mitengo ya zotsala. Pakatsala ndalama, onjezani tochi yovala pamutu yoyendera mabatire wamba opezeka pagolosale, kapena thumba logonamo lopepuka losakhala la nthenga. Nsapato musamugulire mongoganizira. Ngati mwatsimikiza, aponde papepala, wina ajambule phazilo kuzungulira, ayeze kutalika kwake m'masentimita n'kukutumizirani pa WhatsApp. Jeketeyo mutenge yokulirapo ndi saizi imodzi kuposa imene amavala, kuti juzi izilowa m'kati.